Invidious

Invidious ndi pulogalamu yaulere yoonera mavidiyo a pa YouTube popanda zotsatsa malonda komanso popanda akaunti ya Google. Anaiyambitsa Omar Roth mu 2018, ndipo atatula pansi ntchitoyi mu 2020, anthu ongodzipereka anaipitiriza. Pulogalamuyi imakhala pakati ngati mkhalapakati: ndiyo imapita ku YouTube kukatenga vidiyo, motero kampani ya Google imavutika kudziwa woonera ndi zimene amakonda.

Aliyense angathe kuiika pa kompyuta yake, ngakhale yakale, n'kuisandutsa seva. Koma magetsi akangothima, seva nayo yathima. Bandulo ya intaneti imathanso chimodzimodzi ngati pa YouTube, pokhapokha munthu atasankha kumvera mawu okha popanda zithunzi, njira yabwino kwa okonda nyimbo ndi maulaliki.

Mu June 2023, YouTube inalembera eni pulogalamuyi kuti aitseke, koma iwo anakana. Chiyambireni, kampaniyi imatsekereza maseva ambiri otere. Kwa amene ali ndi foni ya Android yokha, pulogalamu ina yoonera YouTube yotchedwa NewPipe ndiyo yosavuta, chifukwa siifuna seva.