Fumbi M'kati mwa Kompyuta

Fumbi limalowa m'kompyuta pamodzi ndi mpweya umene mafani amakoka pofuna kuziziritsa zipangizo zam'kati, ndipo limachuluka makamaka m'nyengo ya chilimwe kapena makinawo akamakhala pansi. Lambiri limaunjikana pa heat sink, chitsulo cha aluminiyamu kapena mkuwa chokhala ndi timipata tambirimbiri chimene chimachotsa kutentha kwa purosesa. Timipatato tikatsekeka, purosesa imatentha kwambiri, imachepetsa yokha liwiro lake, ndipo nthawi zina kompyuta imangozima. Choopsa kwambiri ndi fumbi lomwe layamwa chinyontho, chifukwa limayambitsa dzimbiri komanso lingadutsitse magetsi molakwika. Poyeretsa, makinawo amazimitsidwa ndi kuzulidwa kumagetsi, kenako fumbilo limauziridwa ndi mpweya wopopa, fani itagwiridwa kuti isazungulire.