Magazi athu anacokera kutali

Akuluakulu a ku Angónia ndi a ku Dedza ali ndi nkhani imodzi ya Akafula, anthu aafupi amene makolo athu anawapeza m'dziko muno akukhala m'mapanga ndi kusaka nyama ndi mauta. Ine kwa nthawi yaitali ndinkaiona ngati nthano ya pamoto basi. Koma mapanga aja alipo, zojambula zofiira za pamiyala ya ku Chongoni zilipo, ndipo mafupa a eni ake anapezeka.

M'caka ca 2017 akatswiri anafalitsa zimene anapeza atayeza DNA, imene Apwitikizi amailemba ADN, ya m'mafupa akale okumbidwa ku Malawi: kuphiri la Hora ku Mzimba, ku Fingira, ndi ku Chencherere m'boma la Dedza, kufupi ndi malire athu ano. Mafupa a ku Hora ndi a zaka pafupifupi 8,000 zapitazo. DNA ndi colembedwa cobisika m'thupi cimene mwana amatenga theka kwa mayi, theka kwa bambo, ndipo ciyerekezedwa ndi ca anthu ena cimaonetsa amene ali pa cibale. Anthu a m'mapanga aja anapezeka kuti anali abale a Asan a ku Kalahari, ndiponso mbali ina a Ahadza a ku Tanzania. Atayeza Acewa, Angoni, Ayao ndi Atumbuka a lero, sanapeze cizindikiro coonekera ca magazi a eni mapangawo. Tinatenga mapiri awo ndi mitsinje yawo, koma mbewu yawo sinapitirire mwa ife.

Nanga ife tinacokera kuti? Acewa amati ku Uluba, m'dziko la Congo, ndipo sakunama, kungoti ulendowo unayambira kutali kuposa pamenepo. Zinenero zonse zimene zimati "muntu" kapena "munthu", kuyambira Cinyanja, Cisena, Cinyungwe mpaka Cizulu ndi Ciswahili, muzu wake uli kumalire a Nigeria ndi Cameroon, kumene anthu anayamba kusamuka zaka 4,000 kapena 5,000 zapitazo. Sanayende ngati gulu lankhondo. Banja linkalima, nthaka ikatopa ana n'kukatsegula munda kutsogolo, mibadwo ndi mibadwo, mpaka alimi odziwa kusula citsulo anafika cigawo cino zaka zosakwana 2,000 zapitazo. N'cifukwa cake magazi a mlimi wa ku Ulónguè amayandikana kwambiri ndi a munthu wa ku Cameroon kusiyana ndi a munthu amene anagona m'phanga la ku Chencherere, pamtunda woti n'kuyenda panjinga.

Cimene cimandikondweretsa ine n'cakuti DNA ili ndi mizere iwiri yofanana ndi miyambo yathu. Pali kacigawo kamene kamayenda kucokera kwa mayi kupita kwa ana, ndipo ana aakazi okha ndiwo amakapitiriza, monga mmene mbumba ya Acewa imayendera. Palinso kena kamene bambo amapatsira ana aamuna okha, monga mmene Angoni amawerengera mfunda. Munthu mmodzi angathe kukhala ndi mzere wa bambo wocokera kwina, wa mayi wocokeranso kwina.

Angoni enieniwo ndiwo citsanzo. Zwangendaba anaoloka Zambezi kufupi ndi Zumbo mu 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa. Angoni a Maseko, amene dzina la Angónia linacokera kwa iwo, anayenda njira yawo mpaka ku Songea ku Tanzania, kenaka n'kubwerera kudzakhazikika ku Domwe. Paulendo wonsewo ankatenga anthu ogwidwa pankhondo n'kuwasandutsa Angoni, ndipo ankakwatira akazi a m'mitundu imene anaigonjetsa. Mwana amayamwa cinenero ca mayi ake, n'cifukwa cake lero Mngoni wa kuno amavina ngoma koma amalankhula Cinyanja. Ndikamamva wina akudzitama kuti ndi Mngoni weniweni wopanda cosakaniza, ndimangofuna kumufunsa kuti agogo ake aakazi anali a kwa yani. Malire a pakati pa Moçambique ndi Malawi, amene Apwitikizi ndi Angerezi anagwirizana mu 1891, anabwera mocedwa, anthu atakwatirana kale mbali zonse ziwiri.

Ulendo wina sunali wofuna. Anthu ogwidwa kumtunda kuno, ena a iwo Amaravi ndi Ayao, ankatsitsidwa ku Quelimane ndi ku Ilha de Moçambique kukagulitsidwa. Mu December 1794 combo ca São José cinanyamuka pa Ilha ndi akapolo pafupifupi 500 kupita ku Maranhão, ku Brazil, koma cinasweka pamiyala kufupi ndi Cape Town. Ambiri anamira, ndipo opulumuka anagulitsidwa konko. Zombo zina zinafika. Ku Rio de Janeiro anthu ocokera kuno ankawaika m'gulu limodzi la "Moçambiques", ndipo ku Minas Gerais kudakali gule wa dzina lomwelo. Mizere ya amayi yofanana ndi ya kuno imapezeka m'magazi a anthu ena a ku Brazil, anthu olankhula Cipwitikizi amene sanamvepo za Domwe kapena za Kaphirintiwa.