Dzina la Malonda Amalisunga ndi Ogula

Nkhani yathu ya mbiri yakale lero ikuchokera pa Boma la Mulanje, ndipo ikukhudza maina a makampani, a minda ndi a katundu amene timagula. Mwana akabadwa, akuluakulu a pabanja amamutcha dzina, ndipo dzinalo limakhala. Pa malonda siziyenda chomwecho. Mwini malonda angathe kusankha dzina, kulilembetsa ku boma ndi kulipaka pa chikwangwani, koma amene amagamula kuti dzinalo likhale kapena life ndi anthu amene amalitchula.

Boma la Mulanje lomweli ndi mboni yoyamba. M'zaka za m'ma 1890 atsamunda adamanga malinga aŵiri m'dera lino, naŵatcha Fort Anderson ndi Fort Lister polemekeza akuluakulu a boma la ku London amene anthu a kuno sadaŵaonepo. Lero Fort Lister ndi bwinja, ndipo munthu wofunsa basi ya ku Fort Anderson sangapeze womulozera. Dzina limene lidapambana ndi la phiri, ngakhale atsamundawo ankalilemba mopunduka kuti Mlanje.

Kampani yoyamba ya malonda a Azungu m'dziko muno idakumana nazo zomwezi. Idakhazikitsidwa ku Glasgow m'chaka cha 1878 ndi dzina lakuti Livingstonia Central Africa Company, pambuyo pake nkukhala African Lakes. Oiyendetsa anali abale aŵiri, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi a m'maso, tsono anthu poona kunyezimira kwake adangomutcha Mandala. Dzinalo lidachoka pa munthu nkupita pa nyumba imene idamangidwa ku Blantyre mu 1882, kenaka pa masitolo onse a kampaniyo, mpaka eniake adalilandira nayamba kulilemba okha. Kampani idatha, koma Mandala akadali dzina la dera mu mzinda wa Blantyre. Ndi mmenenso London and Blantyre Supply Company idasandukira Kandodo pakamwa pa makolo athu.

Mandala yemweyo, John Moir, atasiya ntchito ya masitolo adadzakhala mlimi kuno ku Mulanje, pa esiteti ya Lauderdale, imene dzina lake ndi la dera lina la ku Scotland. Nthaŵi imeneyo Azungu ankadalira khofi. Koma m'chaka cha 1891 Henry Brown, amene adalimapo khofi ku Ceylon, adatenga mbeu za tiyi pa mitengo imene inali ku mishoni ya Blantyre nadzazidzala kuno. Khofi atakanika, tiyi ndiye adaloŵa m'malo, ndipo Mulanje adakhala amodzi mwa malo oyamba mu Africa kulima tiyi wa malonda.

Mukayenda m'maesiteti a tiyi mudzamva maina a mitundu iŵiri. Ena ndi achilendo, monga Lauderdale, Thornwood, Glenorchy, Bloomfield ndi Esperanza; ambiri mwa ameneŵa ankakumbutsa eniake kwawo kumene adachokera. Ena adatengedwa pa mitsinje ndi malo a konkuno, monga Ruo, Lujeri, Chitakali ndi Limbuli. Maina onseŵa adazika mizu, pakuti mibadwo ya anthu yathyola tiyi, yalandira malipiro ndi kubereka ana pa malo amenewo.

Komabe pali chinthu chimodzi chofunika kuchilingalira bwino. Maina ameneŵa ndi odziŵika kwa othyola tiyi ndi kwa amalonda, koma womwa tiyiyo kunja saŵadziŵa. Tiyi wambiri wa ku Mulanje amatuluka m'fakitale m'matumba akuluakulu, nagulitsidwa pa okushoni ya ku Limbe kapena kwa ogula a kunja mwachindunji. Akafika ku Britain kapena ku South Africa amasakanizidwa ndi tiyi wa maiko ena, popeza wathuyu amafiiritsa bwino m'kapu, kenaka amaikidwa m'paketi ya dzina la kampani ya kumeneko. Wogula amakhulupirira dzina la pa paketi, ndipo phindu lalikulu limatsata dzinalo. Mlimi wamng'ono wa m'mphepete mwa phiri, amene adaloledwa kuloŵa mokwanira mu ulimi umenewu boma litakhazikitsa Smallholder Tea Authority mu 1967, amalipidwa pa kulemera kwa masamba basi.

Maiko ena adauona msanga mtengo wa dzina. Chilumba cha Ceylon, kumene Henry Brown adachokera, chidasintha dzina nkukhala Sri Lanka m'chaka cha 1972, koma tiyi wake adapitiriza kutchedwa Ceylon, chifukwa ogula pa dziko lonse anali atalizoloŵera. Ku India, dzina la Darjeeling lidatetezedwa ndi lamulo mu 2004, kotero kuti tiyi wolimidwa kwina saloledwa kulitenga. Kwathu kuno, esiteti ya Satemwa ku Thyolo, imene idayamba mu 1923, imagulitsa tiyi wina m'mapaketi a dzina lake, ndipo tiyi wa Chombe adaloŵa m'makomo a Amalaŵi ambiri ndi dzina la malo a ku Nkhata Bay.

Mulanje nayenso adagulitsapo ndi dzina lake. Achikulire akukumbukira fakitale ya ADMARC imene inkaika zinanazi ndi zakudya zina m'zitini zolembedwa Mulanje Peak. Amene adasankha dzinali adadziŵa kuti phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, Mmalaŵi aliyense amalidziŵa kale, ndipo silifuna kulengezetsa. M'chaka cha 2025 bungwe la UNESCO lidaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, tsono dzinali lalemera kuposa kale.

Maina a katundu amene akhalitsa pakati pathu amafanana pa zinthu ziŵiri. Choyamba, ndi aafupi ndipo lilime lathu limaŵatha. Southern Bottlers idadulidwa nkukhala Sobo, mpaka anthu adayamba kutcha chakumwa chilichonse chosungunula ndi madzi kuti sobo. Tsabola wa Nali, amene a Alford Nalilo Khoromana adayamba kupanga m'zaka za m'ma 1970, adatenga chidutswa cha dzina la mwiniwake, ndipo pa botolo adalembapo chenjezo la m'Chicheŵa lakuti "Abale samalani". Chachiŵiri, katunduyo adakwaniritsa zimene dzina lidalonjeza: wogula Nali adapezadi kuti akuŵaŵa. Dzina lokoma pa katundu woipa ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kotero inu amene mukutsegula golosale pa Chitakale, kapena gulu lanu likufuna kugulitsa uchi, zinanazi kapena tiyi, musathamangire dzina lachilendo poganiza kuti ndilo lolemekezeka. Litchuleni kwa agogo ndi kwa mwana wa sukulu, mumve mmene alibwezere, pakuti mmenemo ndi mmene lidzamvekere pa msika. Mukalipeza, kalilembetseni, popeza lamulo la zizindikiro za malonda la m'chaka cha 2018 lilipo kuti wina asadzakolole pa dzina limene inu mudalivutikira.