Mlendo ndi Mwana: Zimene Chaka cha 1985 Chinaulula pa Baseball ya ku Japan

Pa 24 Okutobala 1985, pa bwalo la Korakuen mumzinda wa Tokyo, bambo wina wandevu wochokera ku Oklahoma ananyamula ndodo yake kasanu kukadikira mpira woti amenye. Dzina lake ndi Randy Bass, wosewera wa timu ya Hanshin Tigers. Chaka chimenecho anali atamenya ma home run 54, ndipo ankangofuna imodzi yokha kuti afanane ndi Sadaharu Oh, amene anamenya 55 mu 1964. Pa maulendo asanuwo, kanayi konse oponya mpira a timu ya Yomiuri Giants anamuponyera kumene ndodo sikanafika. Mphunzitsi wamkulu wa Giants tsiku limenelo anali Oh yemweyo.

Anthu a ku Japan amakumbukira 1985 ngati chaka cha chisangalalo, ndipo sakulakwa. Koma ine ndikawerenga mbiri ya chakachi ndimaonamo chinthu china. Mu Ogasiti dziko lonse linaombera m'manja ana asukulu chifukwa chosewera mwachilungamo, ndipo isanathe miyezi inayi akuluakulu anali ataphwanya okha zimene amaphunzitsa anawo. Anachita zimenezi kawiri, koyamba kwa mlendo, kachiwiri kwa mwana.

Ambirife baseball timangoiona m'mafilimu, choncho ndifotokoze pang'ono. Munthu mmodzi amaponya mpira, wa timu inayo n'kuyesa kuumenya ndi ndodo. Akaumenya amathamanga kudutsa mabesi atatu, ndipo akabwerera pamene anayambira timu yake imapeza chigoli. Mpira ukamenyedwa mpaka kudumpha mpanda wakutsogolo, imeneyo ndiyo home run, ndipo womenyayo amazungulira mabesi onse popanda womuletsa. Palinso lamulo lakuti woponya akaponya mipira inayi yopotoka, womenya amapita ku besi yoyamba asanamenye. Lamuloli linaikidwa kuti likhale chilango kwa woponya. Koma timu ikaopa munthu, imatha kupotoza mipira dala kuti asapeze mpata womenya. Izi ndi zimene anamuchita Bass.

Masewerawa anafika ku Japan cha m'ma 1872 kudzera mwa mphunzitsi wa ku America dzina lake Horace Wilson, ndipo anakulira m'sukulu. Mpikisano wa sukulu zasekondale unayamba mu 1915, pamene ligi ya osewera olipidwa inayamba mu 1936. Ndiye kuti ana ndiwo anayamba, akuluakulu n'kubwera pambuyo. Mpaka lero bwalo la Koshien, lomwe linatsegulidwa mu 1924 mumzinda wa Nishinomiya pafupi ndi Osaka, lili ndi eni ake awiri. Ndi kwawo kwa Hanshin Tigers, koma Ogasiti akafika a Tigers amasamuka kwa milungu ingapo kukasewera koyenda, kusiyira bwalo sukulu 49 zimene zapambana m'zigawo zawo. Anawo amagwadira anzawo asanayambe ndiponso akamaliza. Ogonja amatapa dothi la pabwalopo n'kupita nalo kwawo. Uthenga wake ndi wakuti baseball imaumba khalidwe la munthu, ndipo kupambana mwachinyengo n'kochititsa manyazi kuposa kugonja.

A Tigers anayamba 1985 ali ndi njala ya zaka 21, chifukwa ligi yawo ya Central anaipambana komaliza mu 1964. M'zaka zimenezo a Giants, timu ya ku Tokyo ya kampani ya nyuzipepala ya Yomiuri, anatenga chikho cha dziko lonse kasanu ndi kanayi motsatizana, kuyambira 1965 mpaka 1973. Kwa anthu a ku Osaka, kugonjetsa Giants kunali ngati kubwezera likulu la dziko limene limatenga chilichonse chabwino. N'chifukwa chake tsiku la 17 Epulo 1985 silinaiwalike. Pa Koshien, Bass, Masayuki Kakefu ndi Akinobu Okada anamenya ma home run atatu motsatizana, onse kulunjika pakati, ndipo woponya anali Hiromi Makihara wa Giants. Kuyambira pamenepo ochemerera anayamba kukhulupirira kuti chaka chino ndi chawo.

Ogasiti anabwera ndi maliro. Pa 12, ndege ya Japan Airlines nambala 123 yochoka ku Tokyo kupita ku Osaka inagwa m'mapiri, n'kupha anthu 520. Anayi okha ndiwo anapulumuka. Mmodzi mwa omwalira anali Hajimu Nakano, pulezidenti wa timu ya Tigers. Timuyo inali paulendo wake wa chaka ndi chaka, ndipo inagonja masewera angapo motsatizana isanadzukenso.

Masiku omwewo, pabwalo limene a Tigers anasiya, anyamata awiri a sukulu ya PL Gakuen ya ku Osaka ankamaliza ulendo wawo. Masumi Kuwata anali woponya, Kazuhiro Kiyohara womenya. Anapambana chikho cha m'chilimwe mu 1983 ali m'chaka chawo choyamba kusekondale, n'kugonja pa ndime yomaliza mu 1984, ndipo 1985 unali mwayi wawo wotsiriza. Pa 21 Ogasiti anagonjetsa sukulu ya Ube Shogyo 4-3, Kiyohara atamenya ma home run awiri. Onani bwino pamenepa. Anyamata a Ube Shogyo ankadziwa kuti Kiyohara ndi woopsa, koma anamuponyera mipira yoti n'kumenya, iye n'kuimenya. Anagonja, koma palibe amene anawanena zamantha. Kiyohara anachoka ku Koshien ali ndi ma home run 13 m'mipikisano yonse, Kuwata atapambana masewera 20.

Pa 16 Okutobala a Tigers anatenga ligi, ndipo Osaka sanagone. Ochemerera ankadumphira mu ngalande ya Dotonbori, aliyense m'malo mwa wosewera amene ankafanana naye. Atasowa mzungu wandevu wofanana ndi Bass, anazula chiboliboli cha Colonel Sanders pa sitolo ya KFC n'kuchiponya m'madzi. Nkhaniyi imasimbidwa moseka, komabe imasonyeza mmene mzindawo unkamukondera munthuyu. Bass sanali katswiri kwawo, chifukwa mu ligi yaikulu ya ku America anamenya ma home run 9 okha. Ku Japan, kumene anafika mu 1983, anaphunzira kumenyera mpira kumanzere chifukwa mphepo ya ku Koshien imabweza mipira yopita kumanja. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mu 1985 Bass anaposa aliyense mu ligi yake pa zinthu zitatu zimene womenya amayezedwa nazo.

Tsopano tibwerere ku Korakuen. Ligi inali itatha kale, ndipo a Giants anathera pa nambala 3. Kumupewa Bass sikukanawapatsa chikho chilichonse. Chimene ankateteza ndi nambala 55, yomwe inali ya abwana awo. Oh anakana kuti sanalamule zimenezi, ndipo n'zoona kuti masiku awiri m'mbuyomo Suguru Egawa, woponya wa Giants yemweyo, analimbana naye Bass maso ndi maso. Koma mphunzitsi wamkulu amakhala pomwepo n'kumaona mpira uliwonse. Akanafuna, mawu amodzi akanakwanira. Zinachitikanso mu 2001 kwa Tuffy Rhodes ndi mu 2002 kwa Alex Cabrera. Onsewa anali alendo, onse anafika pa 55, ndipo onse anasowa mipira yabwino atakumana ndi Daiei Hawks, timu imene Oh ankaphunzitsa nthawi imeneyo.

Wina anganene kuti nkhaniyi ndi ya tsankho basi. Tsankho lilimo, sindikana, koma pali mfundo ziwiri zimene zimandiletsa kuimira pomwepo. Yoyamba ndi yakuti Oh nayenso ankatengedwa ngati mlendo. Anabadwira ku Tokyo mu 1940, mayi ake anali a ku Japan koma bambo ake a ku China, ndipo sanatenge unzika wa Japan. Mu 1957, chaka chimene anapambanitsa sukulu yake ya Waseda Jitsugyo chikho cha kumayambiriro kwa chaka ku Koshien, analetsedwa kusewera mu mpikisano wa masewera wa dziko lonse chifukwa cha unzikawo. Munthu amene anamenya ma home run 868 ankadziwa bwino kuwawa kwa kutsekeredwa pakhomo. Yachiwiri ndi yakuti a Tigers nawonso manja awo sanali oyera. Mu 1984, Kakefu wa Tigers ndi Masaru Uno wa Chunichi Dragons anali ndi ma home run 37 aliyense, ndipo m'masewera awiri omaliza matimu awo anawapewa kakhumi aliyense kuti wina asapose mnzake. Onsewo anali a ku Japan. Ndiye kuti matendawa anali aakulu kuposa tsankho. Ulemu wa timu ndi wa bwana unkaikidwa patsogolo, ndipo mpikisano weniweni, umene anthu analipira ndalama kuti adzaone, unkabwera pambuyo.

Pa 2 Novembala a Tigers, motsogozedwa ndi Yoshio Yoshida, anagonjetsa Seibu Lions masewera 4 kwa 2 n'kutenga chikho cha Japan Series koyamba m'mbiri yawo. Bass anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Chaka chikanathera pamenepo chikanatha bwino, koma panatsala tsiku la 20 Novembala, losankha osewera atsopano.

Dongosolo lake linali lotere. Timu iliyonse mwa 12 imatchula mnyamata amene ikumufuna, ndipo ngati matimu angapo atchula munthu mmodzi, amachita maere. Mnyamatayo alibe chonena. Kiyohara anali atanena poyera kuti mtima wake uli ku Giants, timu ya Oh amene ankamusirira kuyambira ali wamng'ono, ndipo ankayembekezera kuti amutchula. Kuwata anali atalengeza kuti akupita ku yunivesite ya Waseda, choncho matimu ena anamusiya. Tsikulo litafika, matimu 6 anatchula Kiyohara, koma Giants panalibe. A Giants anatchula Kuwata, okha popanda wopikisana naye, ndipo Kuwata anasiya za ku yunivesite n'kusaina. Maere a Kiyohara anagwera Seibu Lions. Mnyamata wa zaka 18 anakhala pamaso pa atolankhani misozi ili m'maso, atamva kuti timu ya maloto ake yatenga mnzake amene ankagona naye m'nyumba imodzi kusukulu.

Kuwata anakana kuti panalibe pangano lamseri, ndipo a Giants sanaphwanye lamulo lililonse lolembedwa. Chimodzimodzinso kumupewa Bass, lamulo limalola. Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Zimene amaphunzitsa ku Koshien sizili m'buku la malamulo. Amaphunzitsa kuti ulimbane ndi mnzako poyera, ndipo mawu ako akhale amodzi. Ngati akuluakulu amasiya mfundozi phindu likangooneka, ndiye kuti amaziona ngati zovala za sukulu, zoti munthu akamaliza maphunziro avule. Mlandu wa tsiku limenelo anausenza anyamata awiri. Kuwata anakhala zaka zambiri akunyozedwa, ndipo ubwenzi wake ndi Kiyohara unasweka kwa nthawi yaitali. Mu 1987, Seibu itatsala pang'ono kugonjetsa Giants mu Japan Series, Kiyohara analira ali pa besi yoyamba masewera asanathe.

Sindikunena kuti mpira wa kusukulu ndi wa angelo. Mu 1992 sukulu ya Meitoku Gijuku inamupewa Hideki Matsui kasanu m'masewera amodzi ku Koshien. Koma taonani zimene zinatsatira. Oonerera anakwiya mpaka kuponya zinthu m'bwalo, ndipo nkhaniyo inakambidwa dziko lonse. Chimene akatswiri olipidwa anachita zaka 7 m'mbuyomo popanda wolangidwa, ana atachichita chinasanduka mlandu. Mwana amaonera kwa wamkulu, ndiye n'kovuta kumudzudzula pa chinthu chimene waona abambo ake akuchita masana.

Zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Mu 1993 osewera anapatsidwa ufulu wosankha timu akatumikira zaka zokwanira, ndipo Kiyohara anafika ku Giants mu 1997, patatha zaka 11 ali ku Seibu. Chiboliboli cha Colonel Sanders chinavuulidwa mu 2009, koma a Tigers anadikirabe mpaka 2023 kuti atengenso Japan Series, chaka chomwecho chimene Bass analowetsedwa m'gulu la akatswiri olemekezeka a baseball ku Japan. Nambala 55 ija inagwa pa 15 Seputembala 2013, pamene Wladimir Balentien wa ku Curaçao, wosewera wa Yakult Swallows, anamenya home run ya 56, ndipo anamaliza chakacho ndi 60. Timu imene anakumana nayo tsikulo inali Hanshin Tigers, ndipo woponya wake, Daiki Enokida, anamuponyera mpira woti n'kumenya. Anyamata a Ube Shogyo anali atachita kale zimenezi mu Ogasiti 1985. Akuluakulu zinawatengera zaka 28.