Kuchoka ku nkhokwe kufika pa "walkman": mbiri ya kuwerenga chakudya pakhomo

Amayi ndi abambo a ku Salima, lero tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Agogo athu analibe kope, koma ankadziwa chakudya cha pakhomo pawo. Akakolola, mayi ankayang'ana nkhokwe n'kudziwa ngati chimanga chifika mu February kapena chithera panjira. Masamba a nkhwani ndi khwanya ankafutsa n'kusunga mu chikwatu. Usipa ndi utaka ankayanika. Ngakhale nyanja inali ndi malire ake: ku chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira, kuyambira zaka za m'ma 1950 asodzi amasiya kupha nsomba nyengo ya dzinja kuti ziswane. Mwambowu ulipobe mpaka lero.

Mu 1971 ndalama ya kwacha inalowa m'malo mwa paundi, ndipo chaka chomwecho boma linakhazikitsa ADMARC. Pang'ono ndi pang'ono chakudya chinayamba kudutsa m'thumba. Sopo, mchere, mafuta ndi fizi zinkafuna ndalama, choncho mabanja ambiri anazolowera kugulitsa chimanga akangokolola, mtengo uli pansi, n'kudzachigulanso mu January chitakwera.

Kuopsa kwa chizolowezichi kunaoneka pa njala ya 2002. Zokolola za 2001 zinali zochepa, chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, ndipo mtengo unakwera kangapo m'miyezi yochepa. Mu February 2002 Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Salima linali limodzi mwa maboma omwe anavutika kwambiri. Bungwe la Save the Children litayeza ana aang'ono kuno kumayambiriro kwa chakacho, linapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa asanu aliwonse anali wonyentchera. Mabanja anagulitsa mbuzi, mawailesi ndi ziwiya pamtengo wotaya kuti agule ufa.

Kuchokera apo kwacha yagwa kangapo: mu 2012, mu 2022, ndipo mu November 2023 inagwa ndi 44 peresenti. Chambo chomwe kale chinali ndiwo wamba m'mbali mwa nyanja chachepa, ambiri tsopano timadalira usipa ndi bonya. Ufa timagula wa "walkman", mafuta oyeza pang'onopang'ono. Vuto lake n'lakuti nkhokwe inkaoneka ndi maso ikamatsika, pomwe ndalama zogula tsiku ndi tsiku zimatha osazindikira. Zikatha, choyamba kuchoka pa mbale ya mwana ndi dzira, nsomba ndi nsinjiro, n'kutsala nsima ndi phala lopanda kanthu.

Ndiye kope likhale nkhokwe yathu yatsopano. Yambani motere:

1. Kwa mwezi umodzi lembani chilichonse chomwe mwagula chodya, ngakhale tomato wa mulu umodzi. Ngati kulemba kukuvuta, mwana wa sukulu akuthandizeni.
2. Mwezi ukatha, onani zomwe zadya ndalama zambiri. Kumbukirani kuti shuga, zakumwa zotsekemera ndi tokamba ta m'mapaketi sizimanga thupi la mwana.
3. Musanagulitse chimanga, werengani matumba omwe banja limadya pamwezi, muchulukitse mpaka zokolola zina. Gulitsani chotsala chokha.
4. Sungani chimanga ndi mtedza zitauma bwino. Za chuku musadye, zili ndi poizoni wowononga chiwindi.
5. Nsomba zouma ndi nyemba gulani pomwe zachuluka pamsika. A banki m'khonde mukhoza kusonkherana n'kugula chigoba kapena thumba limodzi, mugawane.
6. Futsani masamba dzinja lisanathe.

Abambo, kopeli si la amayi okha. Khalani pansi limodzi pa kutha kwa mwezi, muone ngati magulu onse 6 a zakudya akufika pa mbale ya mwana. Ndipo mukaona mwana akutsika sikelo kapena watupa mapazi, musadikire, pitani naye kuchipatala msanga.