Fort Maguire: Amene Anafera m'Manja mwa Makanjira

Pa depoti ya Liwonde ndinamva bambo wina akuuza anzake kuti Fort Maguire, kuja kwa Makanjira m'boma la Mangochi, ndi pamene Ayao anatsekera msilikali wachizungu mpaka kufera m'ndende. Ku Balaka ndinaimvanso nkhaniyi, koma kumeneko amawonjeza kuti lingalo anamanga yekha asanagwidwe. Zonsezi si zoona, ndipo zimandiwawa chifukwa zimakwirira anthu amene anaferadi m'manja mwa adani.

Tanthauzo la dzinali n'lachidule: linga la Maguire. Kaputeni Cecil Maguire anafika mu 1891 ndi asilikali ochokera ku India kudzathandiza mtsamunda Harry Johnston. Ife a ku Machinga timamudziwa bwino, pakuti chaka chomwecho anakwera phiri la Chikala kukathira nkhondo mfumu Kawinga, n'kubwerako atavulala. Agogo anga aamuna akafika pamenepa ankaimirira, n'kuloza phirilo ndi ndodo, amvekere mzungu anatsika mofulumira kuposa mmene anakwerera. Nkhondoyo sanaione, anaimva kwa makolo awo, koma ankaisunga ngati chuma.

Mu Disembala Maguire anakwera sitima ya Domira kukawononga zombo ziwiri za mfumu Makanjira zowolotsa akapolo panyanja. Pobwerera kusitima anamuwombera ali m'madzi, n'kufera pomwepo. Sanalowe m'ndende ya munthu aliyense. Domira inakakamira pamchenga, ndipo anthu a Makanjira analonjeza kupereka mtembo. Dokotala Boyce, Mmwenye wa mtundu wa Parsee, ndi McEwan, injiniya wa sitimayo, anatsikira kumtunda pokhulupirira lonjezolo. Awa ndiwo anagwidwa n'kuphedwa.

Lingalo linamangidwa Makanjira atathamangitsidwa mu 1893, mwini dzina atagona kale zaka ziwiri. Ndalama za nkhondoyo, mapaundi 10,000, anapereka Cecil Rhodes, amene mnzake wapamtima Rochfort Maguire anali mbale wake wa malemuyo. Ine ndimati dzinali linamera pa ubale umenewu, ngakhale ena amati kulimba mtima kwa kaputeniyo kunali kokwanira.

Titalandira ufulu, Fort Johnston inasanduka Mangochi, Fort Manning inasanduka Mchinji, ngakhale Kasupe wathu anadzatchedwa Machinga, koma Fort Maguire inatsala. Ndikamva dzinali, amene amandibwerera m'maganizo ndi dokotala uja, munthu wochokera kutali amene anatsika m'sitima kukatenga mtembo wa mnzake.