Njira za Nkhotakota: dzulo za amtengatenga, lero za njinga

Mapu a boma la Nkhotakota amaonetsa misewu iwiri ikuluikulu: M5 yotsata gombe la nyanja kuchokera ku Salima kudzera pa Benga, Chia, pa Boma ndi Dwangwa mpaka ku Nkhata Bay, ndi M18 yokwera ku Kasungu kudutsa m'nkhalango ya nyama. Koma usipa, mpunga ndi makaka a chinangwa zisanafike pa phulapo zimayamba zadutsa m'tinjira ting'onoting'ono tochoka kudoko, kudambo ndi kumapiri, pa kaliyala ya njinga yakapalasa. Tinjira timeneti tili ndi mbiri yaitali kuposa msewu uliwonse wa m'bomali, ndipo n'chuma chimene maiko ena akulemera nacho pamene ife tikuchisiyira mvula kuti ikumbe.

Chumacho chagona pa masewera opalasa njinga m'mapiri, amene ndi aang'ono msinkhu. Anayamba m'zaka za m'ma 1970 ku Marin County, m'chigawo cha California ku America, pamene anyamata monga Gary Fisher ndi Joe Breeze ankatsetsereka pa phiri la Tamalpais ndi njinga zakale za matayala onenepa. Mpikisano wawo wotchedwa Repack unayamba mu 1976. Pofika 1990 kunachitika mpikisano woyamba wa dziko lonse ku Durango, ndipo mu 1996 masewerawa analowa mu Olimpiki ku Atlanta. Kumene anakhwimira kukhala malonda ndi ku mapiri a Alps ku Ulaya. Midzi ya m'zigwa monga Les Gets ndi Morzine ku France, kapena Lenzerheide ku Switzerland, inkadalira alendo a m'nyengo yozizira. Kukafunda mahotela ankangokhala pululu. Anthu a kumeneko sanayambe ndi kulambula njira zatsopano. Anatenga njira zakale za abusa okwera ndi ng'ombe kumsipu ndi za amalonda onyamula mchere pa nyulu, n'kuzikonza, kuziika zikwangwani ndi kuzilemba pa mapu. Njira zokumbidwira masewera okha zinabwera pambuyo, alendo atayamba kale kufika.

Nkhotakota ili nazo njira zoterozo, kungoti mbiri yake ndi yowawa. M'zaka za m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Mswahili wa ku gombe la nyanja ya mchere, anakhazikika pano n'kutenga dzina laufumu la Jumbe. Mudzi wake unali pothera njira zochokera kumadzulo, kwa Mwase Kasungu, kuchigwa cha Luangwa ndi kutali kwa Kazembe. M'njira zimenezo munkadutsa minyanga ya njovu ndi anthu zikwizikwi omangidwa m'magoli, amene ankawolotsedwa nyanja pa zombo zamatanga kenaka n'kuyenda pansi mpaka ku Kilwa. David Livingstone anafika kuno mu 1861 ndi mu 1863, ndipo mkuyu umene anakambirana pansi pake ndi Jumbe ukadalipo pa Boma. Ulamuliro wa a Jumbe unatha cha m'ma 1894, chaka chimene amishoni a Anglican a UMCA anakhazikitsa mishoni yawo, komwe Bishopu Chauncy Maples anaikidwa atamira panyanja mu 1895. Njirazo sizinafe ndi ukapolo. Zinasanduka za amtengatenga osenza katundu wa boma la atsamunda ndi machila a mabwana, za aphunzitsi a mishoni, za amuna opita kukagwira ntchito ku Halale ndi ku Joni. Ambiri a amunawa pobwera ankabwera ndi njinga, Humber kapena Raleigh, ndipo m'mudzi njingayo inali umboni woti munthu sanapite pachabe.

Chimene chinasintha zinthu kwambiri si njinga yapamwambayo koma yotsika mtengo. Njinga za ku India ndi ku China, kenaka zakaunjika zamagiya, zitadzaza m'misika, kupalasa kunasiya kukhala ulemu n'kukhala ntchito. Fakitale ya shuga ya Dwangwa, imene inayamba kugaya nzimbe kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, inasonkhanitsa anthu ochuluka ofuna ndiwo ndi ufa tsiku ndi tsiku. Ogula nsomba anayamba kulawirira kudoko ndi madengu, n'kukwera nawo kwa Mwansambo ndi ku Ntchisi, pobwera atamanga thumba la chimanga kapena mtedza. Akabaza anadzaza pa siteji iliyonse. Pa njinga yomweyo pamakwera mayi wodwala wopita kuchipatala, mbuzi yopita kumsika, mabuku a sukulu, ngakhale malata. Munthu amene amatsika zitunda za ku Ntchisi ndi matumba awiri, buleki yake ili ya mphira wodula ku tayala lakutha, amadziwa za njira, za dothi ndi za liwiro kuposa mlendo aliyense wovala chisoti. Mu February 2024 madzi osefukira a ku Dwangwa atadula M5, zinaoneka poyera kuti boma lodalira msewu umodzi limafunika njira zina zosamalidwa.

Mfundo yanga ndi iyi: njirazi zikonzedwe choyamba chifukwa cha eni ake, ndipo alendo adzabwera m'mbuyo mwawo. Ntchito yake si yodula. Ndi kukumba ngalande zopatutsa madzi pa mtsetse, kumanga maulalo olimba pa makwawa, kudzala vetiva pamene nthaka ikugumuka, kuika zikwangwani pa mphambano, ndi kulemba zonsezi pa mapu ndi mayina awo enieni. Khonsolo ya Nkhotakota, pamodzi ndi mafumu monga Malengachanzi, Mwadzama, Mphonde, Kanyenda ndi Mwansambo, imadziwa kale kugwiritsa anthu ntchito zachitukuko za m'misewu ya m'midzi. Chosowa ndi kuona kanjira ka njinga ngati msewu woyenera kuwerengedwa pa ndondomeko ya chuma.

Wina anena kuti Nkhotakota si Alps: ndi dziko lotentha, la madambo ndi udzudzu. Kugombe n'zoona. Koma nyanja ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pa nyanja ya mchere, pamene phiri la Chipata ndi la Ntchisi amapitirira mamita 1,600, ndipo pakati pake pali zitunda za misuku ndi miombo zodukaduka ndi mitsinje ngati Bua, Kaombe ndi Lifuliza. Wopalasa angathe kudzuka m'nkhungu ya nkhalango ya Ntchisi, momwe makolo ankabisala nkhondo za Angoni, madzulo n'kukasamba ku Chia. Kuyambira May mpaka August kumakhala kouma ndi kozizira bwino. Komanso a Malawi sitikuyamba chinthu chachilendo: ku Nyika alendo amapalasa kale, ndipo ku Luwawa pa Viphya kunachitikapo mpikisano wa njinga za m'mapiri wokoka anthu a maiko ena. 

Chotsutsa cholemera kwambiri ndi nkhalango ya nyama. Malowa, aakulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800, anali atatsala ndi njovu zosakwana 100 pamene bungwe la African Parks linayamba kuwayang'anira mu 2015. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde ndi Majete kubwera kuno. Njovu ndi njati sizisewera ndi munthu wa pa njinga, ndipo m'nkhalangomu muli kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera. Apa ndikuvomereza kotheratu: m'kati mwa mpanda musakhale njira za masewera, pokhapokha oyang'anira nkhalango atasankha okha malo ndi kupereka asilikali operekeza. Koma zimenezi zikungolimbitsa mfundo ija. Njira zabwino zili kunja kwa mpanda, m'midzi imene imagona tulo tochepa poopa nyama zoboola waya. Mlendo wolowa m'nkhalango pa galimoto amalipira pa geti n'kudutsa. Wa pa njinga amaima, amagula nthochi ndi madzi, amamatitsa chubu, amafuna womulondolera njira ndi pogona. Mudzi umene ukupezako kanthu chifukwa cha mitengo yoimirira umaganiza kawiri usanaisandutse makala.

Ena ati awa ndi masewera a anthu olemera, ndipo njinga imodzi ya mpikisano ingagule ngolo ndi ng'ombe zake. Inde, ndipo n'chifukwa chake sitiyenera kutengera ku Ulaya zonse. Zingwe zokweza anthu pamwamba pa phiri sitikuzifuna. Choyenera kutengera ndi lamulo la chigawo cha Graubünden ku Switzerland, kumene wapansi ndi wapanjinga amagawana njira imodzi, wapanjinga n'kumapatukira wapansi. Kuno lamulo limenelo likhale lolimba koposa, pakuti m'njira zathu mumayenda ana a sukulu ndi amayi osenza ndowa. Njira isatsekedwe kwa eni mudzi chifukwa cha mlendo, ngakhale tsiku la mpikisano. Ndipo mpikisano ukadzakhalapo, pakhale gawo la njinga zonyamula katundu, kuti wakabaza wa pa Dwangwa apikisane pa njinga imene amadyera, ndi mphoto yoti n'kusintha moyo wake. Operekeza alendo ndi okonza njinga achokere m'magulu a akabaza omwewo, amene ali kale ndi atsogoleri ndi malamulo awo pa siteji.

Pali nkhawa ina imene sindingaipeputse: kodi n'koyenera kusangalala pa njira imene anthu anafera m'magoli? Yankho lili m'mene njirayo ikufotokozedwera. Lero mwana wa sukulu amadutsa m'malo amenewa osadziwa kanthu, chifukwa mbiri yonse tinaiunjika pansi pa mkuyu umodzi pa Boma. Akuluakulu amene anamva kwa agogo awo za malo opumira aulendo ndi madoko owolokera akutha. Kulemba njirazi pa mapu kungakakamize a nthambi yoona za mbiri ndi zinthu zakale kukhala pansi ndi mafumu ndi kusunga zimenezo, kuti wodutsa aliyense, mlendo kapena mwini dziko, aziwerenga pa chikwangwani chimene chinachitika pomwe waimapo.

Nyengo yabwino yokonza njira ndi pamene mvula yangokata, dothi lisanaume gwa. A khonsolo ndi mafumu a Nkhotakota asankhe njira imodzi yochokera kwa Mwansambo kutsikira ku M5, aitane akabaza ndi ogulitsa nsomba kuti aloze pamene pamawavuta, ndipo ntchito iyambire pamenepo chaka chino.